Jenifa Apititsa Sewero Kumunda

Jenifa anali mtsikana wa ku Golomoti. Ankakhala ndi amayi ake, aFagness. Jenifa ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna amayi ake aonere gawo lomaliza la sewero.

Sewerolo linali la pa TV. Dzina lake linali "Njinga ya Nambewe." Linkaonetsedwa Loweruka masana. Anthu ankaonera pakhonde pa aLackson. ALackson anali ndi TV ya sola.

M'seweromo munali mayi wina, Nambewe. Munalinso bambo wa ndevu, Gwaza. Gwaza anaba njinga yakuda ya Nambewe. Anaipaka penti wofiira. Ankayenda nayo monyada, akuliza belu. Ngrii, ngrii.

Amayi ankalikonda sewerolo. Sankajomba. Mnzawo woonera naye anali aDorothy, ogulitsa tomato. Akakumana pamsika, nkhani inali ya Gwaza basi.

Koma mpunga unacha kumunda, ku Bwanje. Mpheta zinabwera kudzadya. Zinabwera zambirimbiri. Abambo anali kunyanja. Woingitsa mbalame anali amayi okha.

Loweruka linafika. Jenifa anapita kumunda.

"Amayi, lero ndi gawo lomaliza," anatero Jenifa.

"Ndikudziwa," anayankha amayi.

"Pitani mukaonere. Ine nditsala."

Amayi anamupatsa chingwe. Pachingwepo anamangirira zitini.

"Takoka tione," anatero amayi.

Jenifa anakoka. Anakokanso. Zitini zinalira pang'ono. Kete, kete. Mpheta sizinathawe. Ina inamuyang'ana. Kenako inapitiriza kudya.

"Waona?" anatero amayi. "Mpheta sizidziwa Loweruka. Sewero sitidya, mwanawe. Timadya mpunga. Pita ukaonere."

Amayi anatenga chingwe chawo. Koma maso awo anali kunjira ya kwa aLackson. Jenifa anawaona.

Pakhonde pa aLackson panadzaza. Pamalo pa amayi pamkeka panalibe munthu. Jenifa anakhala pomwepo. Mnzake Alice anakhala pambali pake.

Jenifa anamunong'oneza. "Iwe uziyang'ana Nambewe. Ine ndiziyang'ana Gwaza. Usaphethire."

"Chifukwa chiyani?"

"Uona."

Sewero linayamba. Gwaza anafika pamsika ndi njinga. Ngrii, ngrii. Kenako mvula inayamba. Penti anayamba kusuluka. Dontho, dontho. Njinga yofiira inasanduka yakuda.

ADorothy anaimirira. "Ndi yomweyo. Mugwire, Nambewe, mugwire!"

"Khalani pansi, mayi," anatero aLackson. "Tikuona msana wanu wokha."

Nambewe anagwira njinga yake. Gwaza anathawa. Anaterereka. Anagwa m'matope, phwaa. Ndevu zonse matope okhaokha.

Anthu anaseka. Ena analira chifukwa cha kuseka. ADorothy anavula patapata. Anafuna kumugenda Gwaza.

ALackson anakumbatira TV yawo. "Pepani, mayi. Gwaza samva kuwawa. Imva kuwawa ndi TV yangayi."

Sewero linatha. Anthu anatsala akukangana. Ena ankati Gwaza amangidwe. Ena ankati matope amukwana. Jenifa sanadikire. Anagwira Alice dzanja. Anathamanga. Anathamanga mpaka kumunda.

Amayi anali pompaja. Ankakoka chingwe. Mawu awo anali atasasa.

"Mwabwera kudzasewera kapena kudzandithandiza?" anafunsa amayi.

"Tabweretsa sewero," anatero Jenifa.

Amayi anamuyang'ana. Anayang'ananso mpunga.

"Dzanja langa silichoka pachingwe," anatero. "Yambani."

Jenifa anatapa matope. Anadzipaka pachibwano. Anamata udzu. Zinali ndevu za Gwaza. Anakwera mpini wa khasu. Inali njinga. Anagogoda chitini ndi mwala. Linali belu.

Alice anamanga chitenje m'chiuno. Anali Nambewe.

"Patukani, patukani," anafuula Jenifa ndi mawu aakulu. "Mwini njinga wafika."

Anayenda monyada ngati Gwaza. Mimba kutsogolo, mphuno kumwamba. Amayi anamwetulira pang'ono.

Anthu a m'minda yoyandikana anamva. Nawonso sanaonere sewero. Anasendera m'malire a minda yawo.

Alice anawaza madzi m'mwamba. "Mvula ija yayamba. Taonani, penti akusuluka."

"Ee?" anatero amayi. "Akusulukadi?"

"Njinga yanga iyi!" anakuwa Alice.

"Mugwire," anatero amayi. "Usamusiye ameneyo."

"Mugwire, mugwire," anayankha anthu a m'minda ina.

Jenifa anathawa. Anathamanga m'mbali mwa ngalande. Anaterereka. Anagwa m'matope, phwaa. Anagwa zenizeni.

Amayi anavula patapata. Anakweza dzanja.

"Amayi, ndine Jenifa," anatero Jenifa ali m'matope.

Amayi anayang'ana patapata lawo. Kenako anaseka. Anaseka mpaka anakhala pansi. Munda wonse unaseka.

"Nanga aDorothy anatani?" anafunsa amayi, akupukuta misozi.

"Zomwe mwachita inuzo," anayankha Jenifa.

Mwadzidzidzi amayi anasiya kuseka. Chingwe chinali pansi. Anali atachitaya kalekale. Anadzuka msanga. Anayang'ana mpunga.

Mpunga unali bwinobwino. Munalibe mpheta ndi imodzi yomwe. Zonse zinali mumtengo wakutali. Phokoso la sewero linaziopsa.

Amayi anamudzutsa Jenifa. Anamusambitsa ndi madzi a m'ngalande. Anachotsa ndevu zija, udzu umodziumodzi.

"Mwaonera tsopano, amayi?" anafunsa Jenifa.

"Ndaonera, mwanawe. Ndaonera pafupi kuposa aDorothy."

Amayi anamupukuta kumaso ndi chitenje chawo. Anatola chingwe. Anayang'ana mumtengo muja.

"Mawa mukachoka kutchalitchi mubwerenso," anatero amayi. "Zitini zanga mpheta zinazizolowera. Koma Gwaza zikumuopa."