Moto wa kwa Kapitawo Sebastiano

Sajeni wa polisi Gideon Nyakamera anafika pa esiteti ya thonje kufupi ndi Chiromo m'ma seveni koloko m'mawa, Lolemba, mu Okutobala 1927. Nyumba ya kapitawo Sebastiano inali ikufukabe utsi. Denga la udzu linali litagwera m'kati, ndipo mtembo wa mwini wake unali pakama, wosazindikirika nkhope.

Pa nyumba zonse za antchito, iyi yokha ndiyo inali ndi magetsi ochokera ku injini ya fakitale. Moto unabuka dzulo lake madzulo, injini itangolizidwa.

"Ndi mawaya," anatero mzungu woyang'anira esiteti. "Mangani makaniko."

Gideon anamufunsira makanikoyo, Paison, m'nyumba yosungiramo thonje, momwe anamutsekera.

"Ndamva kuti malemu anakukwapulani mwezi watha."

"Alipo amene sanakwapulidwe pano?"

"Mawaya munakoka ndinu?"

"Ndine. M'kabokosi ka pakhoma ndinaikamo kawaya kopyapyala. Magetsi akachuluka kamaduka kokha, moto usanabuke. Ndinawachenjeza kuti asadzaikemo chitsulo china, ndiponso waya wosendeka asakhudze udzu."

"Munachenjeza ndani?"

"Iwowo ndi akazi awo, Mayi Luisa."

Gideon anabwerera kukafukula phulusa. Dzuwa lili paliwombo anakapeza kabokosiko. Kawaya kopyapyala munalibe. Munali chigwinjiri chamkuwa, chowongoledwa ndi mwala. Pamwamba pa khoma, pomwe panali udzu, mawaya awiri anali atapalidwa ndi mpeni ndi kupotedwa pamodzi.

Luisa anamupeza pansi pa mtondo, pakati pa amayi olira. Iye sankalira. Gideon anapempha amayiwo kuti asunthe, nakhala pansi.

"Pepani ndi zovutazi, mayi. Moto ukubuka munali kuti?"

"Kumtsinje."

"Amuna anu?"

"Anagona masana ataledzera kachasu."

Gideon anaika chigwinjiricho pamphasa. Pamkono wamanzere wa Luisa, povala chigwinjiri, panali mzere woyezuka, pomwe dzuwa silinawombe kwa zaka.



"Paison mumasuleni," anatero Luisa. "Ndine. Chitseko ndinachimanganso ndi luzi kunja."

"Chifukwa chiyani?"

"Mukuganiza kuti mzungu amapatsa munthu magetsi ulere? Ndinali ndi mwana, Estere, wa mwamuna wanga woyamba. Anali atangotha msinkhu. Sebastiano anamutengera kunyumba kwa mzungu, ati kukachapa zovala. Sabata yomweyo mawaya anafika kwathu. Estere anabwerako ali ndi pakati, ndipo Sebastiano anamuthamangitsira kwathu ku Nyachikadza kuti anthu asaone. Anafera m'bwato, tikumuwolotsa, mwana atapingasa m'mimba."

Anapukuta pakamwa ndi nsalu.

"Madzulo aliwonse bamboyu ankayatsa nyale ija, nkumaitana anthu kuti adzaone ulemerero wake. Ine ndinkadyera pansi pake."

Gideon anali atagwira ntchitoyi zaka zambiri, ndipo ankadziwa kumene mlandu wotere umathera: ku Zomba, pachingwe. Unyolo sanautulutse m'thumba. Luisa anadzuka yekha, namanga nsalu yake bwino.

"Nanga mzungu uja mukamufunsa?"

Gideon anangowerama kutola chigwinjiricho.

"Ndikudziwa kuti simungatero," anatero Luisa, nayamba kuyenda patsogolo pake kulowera kusiteshoni ya njanji.