Foda ya Immaculate

Anastasia sanali munthu woopa makina. Mu 1998, ku mishoni ya kufupi ndi Bundabunda, ndiye yekha ankadziwa kuyatsa kompyuta ya mu ofesi ya parishi, ndipo kiyi wa ofesiyo ankammangirira pa chitenje. Ntchitoyi anaitenga atamwalira Immaculate, mlembi wakale. Pasanathe chaka anatenganso Matthias, mwamuna wa malemuyo. Anthu analankhula, iye osawasamala.

Sabata imeneyo ankataipa mayina a omwalira oti awerengedwe pa Misa ya pa 2 Novembala. Banja lililonse limabweretsa kapepala kake. Matthias naye anabweretsa kake, kolembedwa dzina la Immaculate, ndipo nsanje inamugwira Anastasia. Dzina la mkazi woyamba limveke m'tchalitchi iye atakhala pomwepo? Kapepalako anakaponya pa mbaula.

M'mawa mwake atayatsa kompyuta, panatseguka kawindo ka foda yolembedwa IMMACULATE. Mkati munalibe kanthu. Anakatseka. Tsiku lotsatira kanabweranso. Anafufuta fodayo, koma kutacha inali pomwepo.

Anaitanitsa Maybin, mphunzitsi wa ku Chalimbana wodziwa makina. Mkuluyo anafika pa njinga, nafufuza zonse zimene kompyuta imayambitsa yokha poyaka, osapeza cholakwika.

"Ba Anastasia, iyi mashini imatsegula chabe vamene munthu anasiya osatseka pozimya."

"Ine nimatseka vonse."

"Ninshi kuli wina amaisebenzetsa usiku."

Anastasia anaseka, namuonetsa kiyi. Makina anali asanamugonjetsepo, ndipo sankafuna kuti ayambe lero.

Madzulo a pa 1 Novembala anatseka timawindo tonse ta pa kompyuta kamodzikamodzi, naizimitsa, nazula ndi chingwe chomwe. Anakhoma chitseko ali mkati n'kukhala pa benchi ya alendo kuti aone yekha. Kunada. Agalu a ku masisitere anauwa kenaka n'kukhala chete.

Mpando wa pa desiki unalira ngati wina wakhalapo.

Ndiye anamva zala pa mabatani. Zinkagunda modekha, osalakwitsa, mmene amataipira munthu wozolowera. Zinagunda kangapo n'kusiya.

Mantha anamugwira, komabe anaimirira. Anakhudza mpando uja, ndipo unali wofunda. Analumikiza chingwe, nayatsa. Kawindo kanatseguka, koma tsopano mu fodamo munali mndandanda wake uja wa omwalira.

"Namvela, Ba Immaculate," anatero.

Anatsikira kumapeto osawerenga za pakati, nataipa dzina la Immaculate, nasindikiza mapepala.

Pa Misa, bambo mfumu anawerenga mayina pang'onopang'ono. Pakati pa mndandanda anatchula Immaculate Mwaanga. Atafika kumapeto anaima pang'ono, nayang'anitsitsa pepala, namutchulanso. Matthias anagwira dzanja la mkazi wake mothokoza, osadziwa kanthu.

Kuyambira tsikulo kawindo sikanatsegukenso. Amayi a kwaya amanong'onezana kuti mlembi anangolakwitsa polemba dzina kawiri. Anastasia sawatsutsa, koma amadziwa kuti iye analemba kamodzi.