Nkhuni Zobwerera Kwawo

Sibongile anazindikira kuti mulu wa nkhuni zake ukuchepa m'mawa wina wa mwezi wa Juni, chifunga cha ku Bembeke chitaphimba ngakhale nkhokwe ya pakhomo. Madzulo anali atazisanja pakhonde mpaka kufika pawindo. Kutacha zinkalekeza m'mawondo.

Iyeyu anali mlendo m'mudzimo, mlendonso m'dziko. Anabadwira ku Bulawayo, ku Zimbabwe, m'nyumba ya magetsi ndi madzi a pampopi. Mwamuna wake Rafaelo anabwera naye kumudzi, anamusiya ndi khanda lawo Mandla, iye n'kubwerera ku Joni kukagwira ntchito. Sibongile anayesetsa, tisamunamizire. Anaphunzira kusenza ndowa kuchokera kumjigo, kugwada popereka moni, ndi kupatuka m'njira akakumana ndi apongozi ake aamuna, a Gerevazio, poti mtengwa ndi apongozi sayang'anana m'maso ndipo sacheza. Komabe akafika kumjigo, amayi ankadula nkhani. Ankangomutchula kuti "wa ku Zimbabwe uja", ngati dzina alibe.

Chimodzi chokha ankachinyadira: nkhuni. Anzake ankalawirira kuphiri n'kubwerako ndi timitolo ta nthambi zaziwisi. Iye anali atadzipezera malo ake, kankhalango ka mitengo italiitali kutsidya kwa mtsinje, kumene nthambi zouma zinangoti mbwee pansi popanda wozitola. Ankapitako masana anthu ali kumadimba, ndipo sanauze munthu. Mumtima ankaseka kuti anthu a kuno maso alibe. Nkhunizo zinali moyo wa Mandla, pakuti chisanu cha ku Dedza chinali chitamulowa m'chifuwa. Moto ukazima usiku, mwanayo ankatsokomola mpaka kubanika.

Usiku wotsatira Sibongile sanagone. Mphepo inkalira m'malata, moto ukunyeka pang'onopang'ono pakati pa nyumba. Mudzi wonse utati zii, anamva mapazi panja. Sanali mapazi a munthu wothamanga, ayi. Anali olemera, odekha, opanda nsapato, oponda ngati akudziwa pomwe pali mwala uliwonse. Anafika pakhonde n'kuima. Kenako nkhuni zinayamba kusololedwa pamulu mosamala kwambiri, imodzi pambuyo pa inzake, ndipo china chake chinapuma mozama kuseri kwa khoma, pafupi ndi mutu wake. Sibongile anakumbatira mwana. Chomwe chinamuopsa kwambiri n'chakuti galu wa pakhomo, amene ankauwa ngakhale mbuzi yodutsa, sanauwe.

Kutacha, mantha anasanduka mkwiyo. Galu sauwa munthu wa pabanja. Maganizo ake anathamangira kwa mlamu wake Mervis, mchemwali wa Rafaelo, amene kuyambira tsiku loyamba ankamusekerera ndi mano okha. Anapita kukhitchini kwa Mervis ngati wokapempha mchere, maso ali pamafuwa. Anangoona zitsononkho ndi mapesi.

"Alamu, kodi kuno kuli akuba?" anafunsa motsitsa mawu.

"Akuba? Aba chiyani?"

"Nkhuni zanga."

Mervis anasuzumira kunja, kenako anasendera pafupi n'kunong'ona. "Komatu alamu, nkhuni zanu zija mumazipeza kuti? Anthu akufunsa. Akuti masana mumatuluka nokha, osadziwika kolowera. Akuti usiku panyumba panu pamamveka mapazi. A Monika, oyandikana nafewa, akuti anaona chinthu chikuyenda ndi katundu cha kumtsinje, chopanda nyali. Mukudziwa dzina lomwe amamupatsa munthu wotere kuno?"

Chichewa cha Sibongile chinali chopereweraperewera, koma dzina limenelo ankalidziwa. Anali atamvanso za mayi wina wa mudzi woyandikana amene anamutchula mfiti, ndipo anamuthamangitsa ndi miyala, ana ake n'kutsala kwa abale a mwamuna. Anabwerera kunyumba. Kuthamangitsidwa akanapirira, koma kusiya Mandla ayi.

Madzulo amenewo anasankha chikuni chachikulu kuposa zonse, chofiirira, cholemera ngati thumba la feteleza, n'kuchikokera m'nyumba. Anachikankhira kunsi kwa bedi kuti wakubayo akatha za pakhonde, mwana asasowe moto. Anabereka Mandla kumbuyo poti chifuwa chinali chitakula, anatseka chitseko n'kukhala pansi atachitsamira ndi phewa, foni ili m'manja. Moto unazilala. Chifunga chinkalowa m'ming'alu, chozizira, chonunkha dothi.

Mapazi aja anabweranso. Sibongile anadikira kuti nkhuni ziyambe kusololedwa, kenako anatsegula chitseko mwamphamvu n'kuyatsa tochi ya pafoni.

Pakhonde panaima a Gerevazio, apongozi ake, mkulu wa mpingo, kolona ali m'khosi, mtolo wa nkhuni uli paphewa, galu akupukusa mchira pambali pawo. Mkuluyo anatembenuka msanga n'kumupatsa msana. Sibongile anapezeka atagwada yekha, tochi italoza pansi. Kwa kanthawi kunangomveka kutsokomola kwa mwana.

"Mandla, mdzukulu wanga," anatero a Gerevazio monong'ona, akuyang'ana mumdima, "uwafunse amayi ako. Nkhuni izi amazitola kuti?"

"Kutsidya kwa mtsinje," Sibongile anayankha, "m'kankhalango kaja."

"Uwauze kuti kumeneko ndi kumanda. Manda akale, mitanda yake inadyedwa ndi chiswe. Agogo ako aakazi agona cha kumtunda kwake. Kumeneko sititolako ngakhale tsamba, ndipo wotola za kumanda mudzi uno sumusunga. Ndinawaona tsiku lina akutulukamo ndi mtolo. Ndikanauza Mervis, mawa lake mudzi wonse ukanamva. Kuwauza iwo, mwambo sundilola. Ndiye ndimangozibweza kwawo usiku, eniake asadandaule."

Manda amene Sibongile ankawadziwa anali a mpanda, a miyala yolembedwa, yoima m'mizere. Manyazi anamugwira, misozi n'kutuluka yokha. Munthu yekhayo amene sanalankhulepo naye m'mudzi monsemo ndi amene ankawoloka mtsinje usiku, m'chisanu, ndi msana wokalamba, kuti iye asatchulidwe mfiti.

"Mandla, uwathokoze agogo," anatero akupukuta maso ndi chitenje. "Uwauzenso kuti chatsala chikuni china. Ndinachibisa m'nyumba."

"Chibwere. Chisagone muno."

Sibongile analowa, anagwada pafupi ndi bedi n'kuunika kunsi. Kunalibe kanthu. Anaunikanso, anapisa dzanja mpaka kukhoma. Pomwe panali chikuni panali dothi lofiira, lonyowa, lozizira, ndipo mkwasa wake unkachokera kunsi kwa bedi n'kukathera pachitseko, pomwe iye anakhala atatsamira usiku wonse.

Anatuluka ataiwala mwambo wonse. "Bambo, kodi chija mwatenga kale?"

A Gerevazio anatsitsa mtolo pang'onopang'ono. Anatembenuka, ndipo kwa nthawi yoyamba anamuyang'ana mpongozi wawo m'maso.

"Ine m'nyumba mwanu sindinalowemo, mayi. Sindingalowemo."

Galu analowa kunsi kwa nkhokwe n'kuyamba kulira chapansipansi. Kutsidya kwa mtsinje, m'kati mwa chifunga, kunamveka chinthu cholemera chikugwetsedwa pansi, dii, ngati munthu watula katundu atafika kwawo.

Apa m'pamene Sibongile anazindikira kuti kumbuyo kwake kwakhala chete kwa nthawi yaitali. Anamasula chitenje, anamusuntha mwana kubwera naye kutsogolo n'kuika khutu pachifuwa chake. Mandla anali mtulo, akupuma bwinobwino, popanda kutsokomola. M'kadzanja kake anali atafumbata dothi lofiira.