Foni Imene Chisamba Sanaimbe

Chisamba anamulakwira mng'ono wake Mzime sabata imene mayi awo ankamwalira, chaka chathachi mvula itangoyamba. Nkhaniyi si yopeka. Kalipentala amene anakakonza chitseko cha nyumbayo alipo, munthu wosamwa mowa, wosakondanso zolongolola. Zinazo anaulula yekha Chisamba kwa mayi woyandikana naye nyumba.

Masiku atatu omaliza mayi awo ali chigonere ankapempha chinthu chimodzi, kuti awaitanire Mzime. Chisamba ankatuluka ndi foni pakhonde, n'kuima kanthawi akuyang'ana mpanda, kenako n'kulowa kukanena kuti wamuimbira, ali m'njira. Sanaimbe. Zaka zisanu ndi chimodzi ndiye ankawasambitsa, kuwatembenuza, kuchapa zofunda zonunkha, koma pakamwa pawo sipankachoka dzina la mwana wobwera kamodzi pachaka ndi kabotolo ka mafuta onunkhira. Mtima wa mnzako ndi tsidya lina, ngakhale munabadwa mimba imodzi.

Mayiwo anali ndi chizolowezi chawo. Mwana akakhala paulendo, sankalola kuti mpiringidzo wa chitseko utsekedwe mpaka basi yomaliza itadutsa, cha m'ma seveni madzulo. Anatsirizika tsiku lachitatu khutu lili kumsewu.

Mzime anawapeza ali kale m'bokosi. Maliro atatha anatsalira milungu iwiri kuti athandize kulongedza zovala, koma ntchito sinkayenda. Ankangozungulira m'nyumbamo, kutola juzi la mayi, kulinunkhiza, kulisiya, kulitolanso. Ulendo womaliza anasiyana nawo atakangana pa nkhani ya mwamuna wake, ndiye ankaopa kuti apita ndi mkwiyo. Kangapo patsiku ankafunsa ngati anamutchulako. Chisamba ankayankha maso ali pa nsalu imene ankapinda, kuti analibe mphamvu zolankhula.

Tsiku lachinayi chithereni maliro, Chisamba anatseka chitseko dzuwa litangolowa. Basi itadutsa anapeza mpiringidzo uli chotsegula. Anamukalipira Mzime, koma Mzime analumbira kuti sanaukhudze, n'kumuseka kuti ukalamba wayamba, mawa adzasunga sopo m'firiji. Aka kanali koyamba kuseka chichokereni kumanda. Chisamba sanaseke.

Mawa lake zinachitikanso. Mkuja wake anaumanga ndi waya. Wayayo anamupeza patebulo atakulungidwa bwinobwino, nsonga yake italowetsedwa mkati, mmene mayi awo ankasungira zingwe. Usiku umenewo sanagone. Ankadzuka, kukagwira chitseko, kubwerera, kudzukanso. Kutacha anaitana kalipentala.

Kalipentalayo anafika mochedwa chifukwa anali ndi ntchito kwina. Anachotsa mpiringidzo wakale n'kuikapo watsopano, wolimba moti iye mwini ankaukankha ndi manja awiri. Anautseka kuti Chisamba aone. Mzime anali kuseri akusamba, madzi akumveka kukhavukira pasimenti.

Akutolera zida zake, basi inaima pakona. Inafwenthera mpweya. Galu wa pafupi amene ankauwa anangoti zii.

Kenako fungo. Mafuta amene malemuwo ankadzola mafupa akamawawa, oyabwa m'mphuno. Linachokera kuchipinda kwa malemu, kumene kunali kotseka.

Anamva patapata pansi. Phazi lina likuponda, lina likukwekwereza. Linadutsa pakati pa iye ndi Chisamba. Mphepo yozizira inamukhudza pamkono.

Mpiringidzo unayamba kuyenda. Pang'onopang'ono. Unalira ngati chitsulo chatsopano. Unafika kumapeto n'kuima.

Kalipentala akuti mawuwo sanali oopsa ayi. Anali otopa, a munthu wouma kukhosi.

"Wamuimbiradi?"

Chisamba anagwira mpando.

"Ali m'njira, amayi," ananong'ona.

Kuseri madzi anali akukhavukirabe.

Patapata uja anabwerera kumene anachokera. Bedi la m'chipindamo linalira kamodzi, ngati munthu wakhalapo. Basi inanyamuka.

Kalipentala anatuluka osatsanzika. Nyundo yake anaisiya pansi, ndipo mpaka pano sanakaitenge.

Mzime anatulukira akupukuta tsitsi. Anaima, n'kukoka mpweya m'mphuno.

"Achemwali, mwatsegula mafuta a amayi?"

"Ayi."

"Nanga mumalankhula ndi ndani?"

Chisamba anamuyang'ana. Kukanakhala kungonena kuti anakuitana, masiku atatu anakuitana, ine ndiye sindinaimbe. Koma anaona nkhope ija, yosalala, yosadziwa fungo la zofunda za wodwala.

"Ndi akalipentala," anatero.

Masiku otsalawo ankaonetsetsa kuti ikamakwana seveni Mzime asakhale pabalaza. Tsiku lina ankamutuma kugolosale, lina kukabweza mbale kwa anansi, lina ankakweza wailesi mpaka mazenera kunjenjemera. Koma funsolo linkapyola wailesi. Tsiku lililonse linali lomwelo, ndipo tsiku lililonse ankayankha bodza lomwelo. Anaonda. Mzime ankamumvera chisoni, kumuphikira tiyi, kumuuza kuti anawakonda kwambiri amayi, n'chifukwa chake imfayi yamudya chotere.

Tsiku lonyamuka anaperekezana pakona paja. Basi ikuonekera patali, Mzime anaika chikwama pansi n'kumugwira dzanja mkulu wake.

"Ndiuzeni zoona, achemwali, ndipirira. Ngakhale kamodzi sananditchule?"

Chisamba anayang'ana kunyumba. Chitseko anali atachitseka ndi kiyi, koma katani ya chipinda cha malemu inali itapatuka pang'ono, mpata wokwana diso.

"Ngakhale kamodzi," anatero.

Mzime anagwedeza mutu, n'kupukuta misozi ndi chikhatho. Anamuthokoza chifukwa chosamalira amayi zaka zonsezo, n'kukwera.

Chisamba akukhalabe m'nyumbamo. Ikamayandikira seveni amakakhala pakhonde la mnansi wake uja, msana atalozetsa kwawo, n'kumalankhula mokweza za mitengo ya zinthu mpaka basi itadutsa. Akabwerera amapeza chitseko chosatseka. Mnansiyo anauza mwamuna wake, mwamunayo anauza anzake, nkhani inadzaza msewu wonse monga zimakhalira ndi anthu. Koma aliyense akuti za m'nyumba ya eni sizimukhudza.

Mzime sanabwerenso. Amauza anthu kuti sangalowe m'nyumba imene mayi ake anafera asakumufuna.