Olipa ndi Manja a Sitima

Kale, pafupi ndi Sinda, kunali mtsikana dzina lake Olipa. Olipa ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti atate ake azikhala pakhomo.

Atate ake anali a Ezara Phiri. Iwo ankagwira ntchito kunjanji. Njanjiyo inali kutali, ku Kabwe. Ku Sinda kunalibe njanji. Kunalibe sitima. Kunali msewu waukulu wafumbi basi.

Masiku amenewo basi inkabwera mwa apo ndi apo. Inkayamba kuoneka ndi fumbi. Fumbi likakwera, ana onse ankathamangira kumsewu. Olipa ankathamanga. Mlongo wake wamng'ono, Misheck, ankathamanga pambuyo pake.

Tsiku lina, anthu atamaliza kukolola, fumbi linakwera. Basi inaima. Munthu wamtali anatsika. Anavala nsapato zazikulu zakuda.

"Atate! Atate!" anafuula Olipa.

Atate anamunyamula Olipa. Ananyamulanso Misheck. Anabweretsa shuga. Anabweretsa nsalu ya Amayi. Anabweretsanso nsomba za m'zitini.

Pakhomo panakoma. Atate anafolera nkhokwe. Atate anakonza mpando wothyoka. Madzulo ankayimba nyimbo za kutchalitchi ndi mawu aakulu. Amayi ankaseka. Olipa ankatsatira atate ake paliponse.

Tsiku lina Olipa ndi Atate ankasenda mtedza pakhonde. Olipa anayang'ana manja a Atate. Dzanja lamanja linali ndi zala zisanu. Dzanja lamanzere linali ndi zala zitatu.

Olipa ankaliona dzanjalo kuyambira ali khanda. Koma anali asanafunsepo. Tsopano anali atakula.

"Atate, zala zanu ziwiri zinapita kuti?"

Atate anaika mtedza pansi.

"Zinatsala kunjanji, mwanawe. Iwe unali usanabadwe."

"Zinatsala bwanji?"

"Sitima imakoka ngolo zambiri," anatero Atate. "Ngolo iliyonse ndi yaikulu kuposa nyumba yathuyi. Ntchito yanga ndi kulumikiza ngolozo. Kale tinkaima pakati pa ngolo ziwiri. Ngolo ina inkabwera pang'onopang'ono. Ine ndinkagwira mphete yachitsulo. Ndinkailowetsa m'malo mwake. Kenako ndinkagwetsamo chimsomali."

"Ndiye zinatani?"

"Tsiku lina ndinachedwa kuchotsa dzanja. Ngolo zinagundana. Gwa!"

Olipa anasiya kusenda. Mtedza sunakomenso. Anagwira dzanja la Atate. Analigwira mwamphamvu.

Masiku anapita. Tchuthi cha Atate chinayandikira kutha. Amayi anachapa malaya a Atate. Anakazinga mtedza wa paulendo. Atate anapukuta nsapato zawo. Anaziika kuseri kwa chitseko.

Olipa anayang'ana nsapatozo. Anaganiza. Anaganizanso.

"Popanda nsapato, Atate sangapite," anatero mumtima. "Akapanda kupita, zala zawo zipulumuka."

Amayi anali kuchitsime. Atate anali kudimba. Olipa ananyamula nsapato. Zinali zolemera! Anakwawira pansi pa nkhokwe. Anazibisa mkati mwenimweni. Anaziphimba ndi makoko a chimanga.

Misheck anamuona.

"Usanene," anatero Olipa.

Misheck anangoyamwa chala.

Kutatsala tsiku limodzi kuti basi ibwere, Atate anayang'ana kuseri kwa chitseko.

"Amake Olipa, nsapato zanga zili kuti?"

"Zinali pomwepo," anayankha Amayi.

Anafuna pansi pa mphasa. Panalibe. Anafuna m'dengu. Munalibe. Anafuna kukhola la mbuzi. Kunalibe.

Atate anakhala pampando. Anagwira mutu.

"Kunjanji salola munthu wopanda nsapato," anatero. "Ndikapanda kufika, ntchito apatsa wina."

Nkhope ya Amayi inagwa.

"Nanga sukulu ya Olipa?" anafunsa Amayi. "Nanga bulangete la Misheck?"

Olipa anamva zonse. Mtima wake unagunda. Gu! Gu! Gu! Anayang'ana pansi.

Pamenepo nkhuku inatetera. Inatetera pansi pa nkhokwe. Misheck anawomba m'manja.

"Nkhuku! Nsapato! Nkhuku! Nsapato!"

Atate anagwada. Anasuzumira pansi pa nkhokwe. Thadzi lofiira linatuluka likukalipa. Atate anakoka nsapato imodzi. Anakoka inzake. M'nsapato yachiwiri munali dzira lofunda.

"Ha! Nkhuku iyi ikufuna ntchito kunjanji?" anatero Atate.

Amayi sanaseke. Anayang'ana Olipa.

"Nkhuku sinyamula nsapato," anatero Amayi.

Olipa analira. Misozi inayenderera m'masaya.

"Ndine, Atate. Ndinabisa ndine. Musapite! Sitima idzamaliza zala zanu zonse!"

Atate sanakalipe. Anapereka dzira kwa Amayi. Anakhala pansi, pafumbi pomwepo.

"Bwera kuno, mwanawe."

Olipa anabwera.

"Kubisa nsapato n'kulakwa," anatero Atate. "Wawadetsa nkhawa amayi ako. Koma nanenso ndinalakwa. Ndinakuuza nkhani ya kale yokha. Sindinakuuze ya lero."

Olipa anapukuta misozi.

"Ngolo zakale zija anazisintha," anatero Atate. "Ngolo za lero zili ndi manja."

"Manja?"

"Inde, manja achitsulo. Dzanja lina kutsogolo. Dzanja lina kumbuyo. Pinda zala zako chonchi."

Olipa anapinda zala. Atate anapindanso zawo.

"Iwe ndiwe ngolo. Inenso ndine ngolo. Tiye, bwera."

Dzanja la Olipa linabwera pang'onopang'ono. Linakhudza dzanja la Atate. Zala zinakolana.

"Kha!" anatero Atate. "Tsopano koka."

Olipa anakoka. Manja sanasiyane. Anakokanso. Manja sanasiyane.

"Waona? Ngolo zikagundana, manja amagwirana okha. Kachitsulo kamagwera mkati n'kutseka. Palibe munthu woima pakati."

"Nanga inu mumaima pati?"

"Ndimaima pambali. Ndimakodola woyendetsa sitima. Ndikafuna kumasula ngolo, ndimakweza chogwirira cha m'mbali. Manja aja amatseguka."

Olipa anaganiza. Anapukusa mutu.

"Atate, awa ndi manja a anthu. Chitsulo chilibe maso. Chingagwire bwanji chokha?"

Atate anaseka.

"Mwana uyu! Safuna zongomva. Chabwino. Katenge zitini za nsomba zija."

Olipa anathamanga. Anabweretsa zitini zitatu. Atate anabweretsa waya. Misheck anabweretsa zitsononkho za chimanga.

Atate anadula zitsononkho ndi mpeni. Zinasanduka mawilo. Anaboola zitini ndi msomali. Zinasanduka ngolo.

Kenako Atate anatenga waya wochepa. Anayesa kuupinda. Waya unapulumuka. Anayesanso. Unapulumukanso.

"Apa pakufunika zala zazing'ono," anatero Atate. "Ndithandize."

Atate anagwira waya. Olipa anapinda. Anapinda kambedza kamodzi. Anapinda kamphete kamodzi. Kambedza anakamangirira kumbuyo kwa ngolo ina. Kamphete anakamangirira kutsogolo kwa ngolo inzake.

"Za kunjanji ndi zazikulu," anatero Atate. "Sizioneka chonchi. Koma nazo izi zigwirana zokha."

Anaika ngolo pakhonde. Olipa anakankha imodzi.

Gwa! Ngolo zinagundana. Zinabwerera. Sizinagwirane.

"Zakana," anatero Olipa.

"Kambedza katsika kwambiri," anatero Atate. "Kakweze pang'ono."

Olipa anakakweza. Anakankhanso.

Gwa! Ngolo imodzi inagubuduka. Wilo linathawira kubwalo. Misheck analithamangitsa.

"Zakananso!" anatero Olipa. Anafuna kulira.

"Ngakhale kunjanji sanakhoze tsiku limodzi," anatero Atate. "Tiyesenso."

Olipa anayang'anitsitsa kambedza. Anayang'anitsitsa kamphete.

"Atate, mphuno ya kambedza yaima njo. Ikugunda kamphete. Bwanji tiipendeketse? Mwina ingatsetsereke n'kukwera."

"Yesa," anatero Atate.

Olipa anapendeketsa mphunoyo. Misheck anabweza wilo. Amayi anasiya kupeta. Anabwera kudzaonerera.

Olipa anakankha ngolo. Anachotsa dzanja lake. Ngolo inayenda yokha. Inayenda. Inayenda. Kambedza kanakhudza kamphete. Kanakwera. Kanagwera mkati.

Kha!

Olipa anakoka ngolo yoyamba. Yachiwiri inatsatira.

"Zagwirana! Zagwirana zokha!"

"Dzanja lako linali kuti?" anafunsa Atate.

"Linali kuno, pambali."

"Langanso limakhala pambali."

Anakonza ngolo yachitatu. Kha! Nayonso inagwira. Olipa anakweza mtedza m'ngolo. Misheck anakwezamo mwala. Atate analira ngati sitima. "Puuu! Puuu!" Sitima inazungulira khonde lonse. Inadutsa pa mapazi a Amayi. Tsopano Amayi anaseka.

Dzuwa lisanalowe, Olipa anatenga nsapato. Anachotsamo nthenga. Anachotsamo makoko. Anazipukuta mpaka zinawala. Anaziika yekha kuseri kwa chitseko.

"Pepani, Amayi," anatero.

Amayi anamusisita kumutu.

M'mawa onse anapita kumsewu. Olipa ananyamula mtedza wa Atate. Fumbi linakwera. Basi inaima.

"Muziima pambali, Atate," anatero Olipa.

"Ndiziima pambali," anayankha Atate.

Basi inapita. Fumbi linatsika. Msewu unangoti zii.

Olipa ankawasowa atate ake. Akawasowa, ankatulutsa sitima yake. Ana a m'mudzi ankabwera kudzaona. Aliyense ankabweretsa chitini. Olipa ankapinda waya. Sitima inatalika. Inachoka pakhonde mpaka pamtondo. Kha! Kha! Kha! Phokoso limeneli linkamveka pakhomo tsiku lililonse.

Mphepo yozizira inatha. Dzuwa linatentha. Mango anapsa. Kenako mvula inagwa. Chimanga chinamera. Khirisimasi inayandikira.

Tsiku lina basi inamveka kutali. Panalibe fumbi. Panali matope okhaokha. Olipa anathamanga. Misheck anathamanga. Amayi nawonso anathamanga.

Basi inaima. Atate anatsika. Anaika katundu pansi. Anakweza manja onse awiri m'mwamba.

"Bwera udzawerenge!" anatero Atate.

Olipa anagwira dzanja lamanja.

"Chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu."

Anagwira dzanja lamanzere.

"Chimodzi, ziwiri, zitatu."

Anawerenganso kachiwiri. Kenako anatembenukira kwa Amayi.

"Zonse zilipo, Amayi! Zabwera zonse!"

Mvula inayamba kuwaza. Amayi anasenza katundu. Atate anakweza Misheck paphewa. Dzanja lina anapatsa Olipa. Onse anathamangira kunyumba, akuponda matope, akuseka.