Mizere ya Tayala la Kutsogolo

Moni kwa inu amene mwatsegula tsamba lino, kaya muli pakhonde kaya muli pa ulendo. Ndikuthokoza Mulungu amene watisunga kufikira lero, ndikuthokozanso inu pondipatsa nthawi yanu. Nkhaniyi ndi ya bambo wina wa kabaza wa kwa Mbenje, dzina lake Kalisto, ndipo ndikuilemba mtima uli wolemera.

Kalisto anali atangogula njinga yamoto yakale kwa mkulu wina wa ku Chiromo, bambo Elisha. Njingayo inakhala zaka m'nyumba itafunditsidwa mphasa, koma tayala lake la kutsogolo linali lomwe inabwera nalo kuchokera kusitolo, mizere yake yakuya ngati latsopano. Pa siteji ya Bangula anzake sankatopa kulikambirana.

"Awa ndiye matayala, amwene," ankatero Smart akulimenya ndi phazi. "Obwera ndi njinga satha. Udzakalamba ndiwe, ili likadali mwana."

"Satha chifukwa ndi ouma ngati chikopa cha ng'ona," ankayankha Kondwelani. "Patala ayi, amayenda. Kalipondetse makande mvula itagwa, uone ngati sukalonjera thambo uli chagada."

"Iwe usatinamize, umagwa ngakhale pouma!"

Kalisto ankangoseka nawo. Maganizo ake onse anali pa mkazi wake Rute, amene anali woyembekezera. Mimba ziwiri zoyamba zinapita padera, ndipo iyi anali kuipempherera m'mawa ndi madzulo. Njingayo anaigulira chimenechi, kuti tsiku likadzafika asadzasowe chomunyamulira kupita kuchipatala.

Tsikulo linafika msanga, m'mwezi wa mvula. Kalisto anachedwa ku Ngabu kumene anaperekeza mayi wogulitsa nsomba, ndipo foni inalira ali pa Bangula, mdima utagwa kale. Anali apongozi ake aakazi.

"Matenda ayamba. Bwerani mudzamutenge, sakuoneka bwino."

Anasiya tala n'kulowa msewu wafumbi wa kwawo. Msewuwo umadutsa pakati pa dambo, wokwezeka pang'ono, madzi uku madzi uku, ndipo usanatsikire kumudzi umalambalala manda akale. Mvula inali itakata koma makande anali phala lokhalokha. Ankayenda akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi kuti mtima ukhale m'malo.

Atayandikira mandawo, injini inatsokomola. Inazima.

Anaponda kiki. Zii. Anapondanso. Zii. Mafuta analimo, nyali ikuyaka. Anatsika n'kuyamba kukankha, matope akumuvula nsapato.

Kenaka anazindikira kuti achule asiya kulira. Dambo lonse linangoti chete.

"Mwadokerwa, shamwali."

Malonje a madzulo a Chisenawo anachokera kutsogolo, pansi. Munthu anali atanjuta pafupi ndi tayala. Anafika liti? Kalisto sanamve phazi. Anali bambo wa msinkhu wake, malaya atamatirira pathupi, madzi akudontha kutsitsi ngati wangotuluka mumtsinje.

"Tadokerwa," anayankha Kalisto. "Pepani achimwene, ndili pachangu."

Munthuyo sanadzutse mutu. Anali kuyendetsa chala chachikulu m'mizere ya tayala, umodzi umodzi, mofatsa ngati akusisita mutu wa mwana. Chalacho chinali ndi zipsera zokhazokha.

"Apa dzanja linandinjenjemera," anatero. "Mwauona? Wakhota."

"Mukuti bwanji?"

"Musamukweze. Mayiyo musamukweze pamenepa."

Za Rute Kalisto sanauze munthu panjira. Anafuna kutchula dzina la Yesu koma pakamwa panangotuluka mpweya.

"Ndinkati afike msanga..." Mawu a munthu uja anathera m'khosi. Anali kulira. "Ndinkangoti afike msanga..."

Nyali inaphethira. Kamodzi. Itayakanso, panalibe munthu!

Anayang'ana kumanja, madzi. Kumanzere, manda. Pamatope pamene ananjuta munthu uja panali posalala. Palibe phazi, palibe chidendene.

Achule anayambiranso onse pamodzi. Ataponda kiki, njinga inalira nthawi yomweyo.

Kunyumba anapeza Rute atagona pamphasa pakhomo, akubuula, apongozi atamanga kale kathumba ka zitenje. Kalisto sanalowe. Anagwada patsogolo pa njinga n'kuunika tayala ndi tochi ya foni. Anapukuta matope. Mzere umodzi unali wokhotadi. Atayang'anitsitsa anaona kuti yonse sinali ya kufakitale. Tayalalo linatha kalekale, ndipo wina anachita kulijambula mizere yatsopano ndi lezala, monga amachitira ena a kabaza pofuna kuti lipitirire. Pansi pa mizereyo ulusi woyera unali kuonekera.

"Mukupempherera tayala?" anakuwa apongozi. "Mwana wanga akufa apa!"

"Amayi, panjingayi sakwera."

"Mwapenga kodi? Nanga munaigulira chiyani?"

"Kalisto," anaitana Rute ndi mawu otsika, "tiyeni, ndigwira zolimba."

Mawu amenewo anamulasa kuposa kukuwa kwa apongozi. Anaima pakati pa mkazi wake ndi njinga, injini ikadali yotentha. Panjinga akanafika msanga. Wina wa njinga m'mudzimo panalibe, ndipo anzake a ku Bangula foni zawo sizinkayankhidwa. Anatseka maso, kenaka anathamangira kwa mnansi kukagogoda kuti amange ng'ombe pangolo.

Abale anga, ngolo siidziwa changu. Ng'ombe zinkaterereka, matayala akutitimira, Kalisto akukankha kumbuyo uku akuitana Mulungu mokweza. Mwana anabadwira m'ngolomo kusanache, magetsi a chipatala akuonekera patali. Anali wamkazi. Sanalire.

Rute anataya magazi ambiri, koma anamwino anamupulumutsa. Khandalo anakaliika amayi okhaokha, monga mwa mwambo, popanda nyimbo, popanda kulira mokweza. Kalisto sanaone n'komwe pamene linagona.

Rute atatuluka m'chipatala, Kalisto anachotsa tayala lija, analikoleka paphewa, n'kukwera bwato kuwolokera ku Chiromo. Bambo Elisha anawapeza akusoka ukonde pansi pa mtengo. Analiponya patsogolo pawo.

"Bambo, munandigulitsa imfa. Anajambula izi ndani?"

Mkuluyo anaika ukonde pansi. Analitenga tayalalo n'kuliika pamiyendo.

"Ine za matayala sindizidziwa, mwananga. Ndinaona mizere, ndinati lili bwino. Wakuuza ndani kuti n'lojambula?"

Kalisto anafotokoza zonse, za manda, za munthu wonyowa, za chala cha zipsera. Atamaliza, bambo Elisha anayang'ana tayala lija pamiyendo pawo.

"Ameneyo ndi Sebastiano," anatero. "Mwana wanga. Lezala linamumaliza chala chimenecho. Ankati tayala lobwera ndi njinga silitayidwa, umangolidzutsa. Anakwatira kumudzi kwanu konko, iwe usanabwereko. Usiku wina wa mvula anakweza mkazi wake Imelda, matenda atayamba. Pamsewu wa padambo paja tayala la kutsogolo linathawa. Njinga tinaivuula m'mawa. Iwo tinawapeza mkuja mwake m'mabango. Tinawaika m'manda omwe aja, chaka cha madzi aakulu chisanafike."

Kalisto anakhala pansi pafumbi. Mkwiyo umene anawoloka nawo Shire unamuthera, n'kutsala funso limene linkamusowetsa tulo.

"Bambo, ndikanamukweza Rute, mwana wanga akanakhala moyo?"

"Sindikudziwa. Sindingakunamize." Mkuluyo anapukuta maso ndi chikhatho. "Chimene ndikudziwa n'chakuti madzulo ano ukafika kwanu, ukapeza munthu wokufunsa ngati wadya. Kwa ine anapita atatu usiku umodzi."

Kenaka bambo Elisha anasendera pafupi, n'kufunsa monong'ona, ngati akuopa yankho.

"Unamuona bwino nkhope? Ali bwanji mwana wanga?"

Kalisto anafuna kunena kuti ali bwino. Sanathe.

"Anali wonyowa, bambo. Ankalira."

Mkuluyo anakumbatira tayala lija pachifuwa n'kulira ngati maliro achitika dzulo. Kalisto anawagwira paphewa, ndipo abambo awiriwo, aliyense ndi mwana wake m'nthaka, anapemphera limodzi pansi pa mtengowo.

Ine sindine wodziwa zinsinsi za akufa. Ndimakhulupirira kuti ali m'manja mwa Mulungu, ndipo chimene chinanjuta pamsewu uja usiku umenewo ndachisiya kwa Iye. Rute ali moyo, amaimba m'kwaya mpaka lero, ngakhale pali nyimbo zina zimene amaimba maso ali pansi.

Ambuye akusungeni inu amene mwawerenga kufikira pano. Akuyendereni patsogolo pamsewu wouma ndi woterera, akugwirireni amene mwawanyamula kumbuyo kwanu, ndipo ngati muli ndi funso limene palibe munthu angakuyankheni, akupatseni tulo ngakhale yankho lisanabwere. Amen.