Telesikopu ya Chikole

Basi yochokera ku Fort Jameson inachedwa tsiku limenelo, mpaka dzuwa linalowa anthu akadali pa siteji ya Katete. Munali mu 1959. Yunesi, mtsikana wa mudzi wina kufupi ndi Sinda, anakhala pa mtolo wake maso ali kumwamba ngati nkhuku yomwa madzi.

"Mwataya chiyani kumwambako, asungwana?"

Anafunsayo anali Julius, mnyamata wonyamula zipangizo za mzungu wopima misewu. Anali wamtali, wa mano oyera, ndipo ankadziwa yekha kuti ndi wooneka bwino.

"Ndikuona mkazi wa mwezi," anatero Yunesi akuloza nyenyezi yowala kumadzulo. "Uyo ndi Puikani. Mnzake Chekechani amatuluka m'bandakucha."

"Bwana wanga ali ndi galasi loonera nyenyezi, amati telesikopu. Akuti awiriwo ndi nyenyezi imodzi. Mwezi ulibe mitala ayi. Ndi wa mkazi mmodzi, ngati ine."

"Muli naye kale mkaziyo?"

"Ndi amene ndikulankhula nayeyu."

Yunesi anaseka akubisa nkhope m'duku. Ndani akanalimba? Pofika pa Sinda, mtima wa mwana wa eni unali utapita kale.

Mvula itatha, mzungu uja anamanga katundu kubwerera kwawo. Anauza Julius kuti atenge imodzi mwa matelesikopu ake awiri, ndipo Julius anakweza Yunesi pa njinga kuti akasankhe yekha. Ina inali yaifupi, yamkuwa, yonyezimira, yogwira m'manja. Ina inali yaitali, yosupuka utoto, yoima pa miyendo itatu.

"Tenga yonyezimirayi, Nthanda yanga. Ikukhala ndi khungu lako."

Mzunguyo anapukusa mutu nalankhula Chinyanja chake chopindika. Anati woyamba kumene asanyengeke ndi kunyezimira. Ya m'manja imanjenjemera, nyenyezi n'kumavina. Yamiyendo imakhazikika, kungoti imaonetsa zinthu chadodolido, koma kumwamba zimenezo zilibe kanthu. Anati aziphunzira masana, kuloza mtengo kapena denga lakutali n'kumapotokola kagudumu mpaka zioneke bwino, koma asadzaloze dzuwa.

"Nditenga yakaleyi," anatero Yunesi.

Imeneyo ndiyo inakhala chikole chake. Azakhali ake anaseka mpaka misozi. Anzake ankalandira mikanda ndi nsalu, iye n'kulandira mpope wa miyendo itatu! Koma madzulo oyamba ataona mapiri ndi maenje a pa mwezi, Yunesi anagwira dzanja la Julius.

"Ndinu nokha mwandionetsa zoterezi."

"Ndipo ndidzakuonetsa zambiri. Mvula isanagwe ndikhala nditakumangira nyumba kuseri kwa amayi ako. Iwe mweta udzu, mitengo ndi yanga."

Kwa Achewa nkhani yake ndi yomweyo. Mwamuna amakamanga kwawo kwa mkazi, ndipo pamene wamanga ndi pamene wakwatira. Yunesi anadikira nyumba imeneyo ndi mtima wake wonse.

Miyezi yozizira yonse anaithera kudambo ndi chikwakwa. Udzu unam'cheka manja mpaka ankalephera kugwira munsi. Sankamweta chisawawa, ankachita kusankha wautali wokhawokha. Pa mtolo uliwonse ankamangapo kansanza ka diresi lake lakale lobiriwira, kuti usasokonezeke ndi ya amayi ena. Anaimika mitoloyo pa mtengo kudambo komweko, kudikira ngolo imene Julius anati adzabwereka.

Tsiku lina Julius anafika nkhope ili yakugwa.

"Lupsa ladutsa kudambo, Nthanda yanga. Udzu wonse wapsa."

Yunesi analira ngati kwagwa maliro. Anafuna kukaona, koma Julius anam'gwira paphewa.

"Ukakaona phulusa upindulanji? Chaka chamawa si kutali. Ine ndine wako mpaka m'manda."

Anawonjeza kuti wapeza ntchito kwa opima ena, ndipo akuwatumiza ku Vubwi. Azibwera mwa apo ndi apo. Yunesi anam'kazingira nsawawa za pa ulendo, osadziwa kanthu.

Masiku anatalika. Pofuna kuiwala, Yunesi anakumbukira malangizo a mzungu aja, amene anali asanawatsatirepo chifukwa kagudumu ankapotokola ndi Julius. Masana ena mphepo itachotsa utsi, anakwera pa chulu chachikulu kuseri kwa mudzi naimika miyendo itatu ija. Analoza mudzi wa tsidya la dambo, pamene panali denga latsopano lofolera theka.

Poyamba anangoona chimtambo. Anapotokola pang'onopang'ono, kenaka anaseka yekha. Nyumba inali italendewera chadodolido, ndipo munthu wofolera analendewera nayo ngati mleme. Anapotokolanso pang'ono, nkhope ya munthuyo n'kuoneka bwinobwino.

Kuseka kunathera pomwepo. Anali Julius. Kodi ku Vubwi kunasamukira tsidya la dambo?

Anasiya telesikopu pa chulu pomwepo natsetsereka. Anadutsa m'dambo, pa mtengo uja anaimikapo mitolo. Panalibe phulusa ngakhale pang'ono. Panali mikwingwirima ya ngolo.

Atafika pa nyumbayo, mayi wina wachikulire anam'landira mwansangala, poyesa ndi wapaulendo.

"Fikani, mwanawe, mumweko thobwa. Elina, patsa mlendo chikho."

Elina anali mtsikana wa maso ofatsa. Anagwada movutikira popereka chikhocho, chifukwa pathupi pake panali pataoneka kale.

"Nyumba yabwino," anatero Yunesi. "Akumanga ndani?"

"Mkamwini wathu, a Julius," anayankha mayiwo monyadira. "Munthu wachifundo ameneyu. Anaona kuti mnzanuyu sangathe kuwerama ndi chikwakwa, iwo n'kukatigulira udzu womweta kale."

Yunesi anayang'ana mulu wa mitolo pafupi ndi khoma. Pa uliwonse panali kansanza kobiriwira.

Pamwamba paja Julius anali atauma gwa, luzi lili kukamwa. Anatsetserekera kumphepete kwa denga nanong'ona.

"Yunesi, chonde, osati pano. Ndibwera madzulo ndidzakufotokozere."

"Mukudziwana?" anafunsa Elina akumwetulira.

"Ndi... ndi mlongo wanga wa kutchalitchi," anatero Julius.

Mlongo! Yunesi anaika chikho pansi osalawa n'komwe. Sanakuwe, sanatukwane, ngakhale misozi inali itafika kale m'maso.

"Poti ndinu alongo awo, apatsireniko mtolo umodzi," anatero mayi aja. "Ine msana, mnzanuyu ndi uyu mukumuonayu."

Yunesi anawerama. Ananyamula mtolo ndi manja ake a zipsera aja, naukweza m'mwamba. Julius anaulandira akuyang'ana kumbali.

"Folerani bwino, a Julius, mwana asadzanyowe," anatero Yunesi mokweza kuti onse amve. "Udzuwu sudontha. Ndinamweta ndine, ndipo ndinkachita kusankha, poti munati ndi wa nyumba yathu."

Kumwetulira kwa Elina kunazima. Anayang'ana manja a Yunesi, nayang'ana mwamuna anali padengayo.

"A Julius," anafunsa motsitsa mawu, "nyumba yathu yake iti?"

Yunesi anatembenuka nabwerera ku chulu kukatenga telesikopu yake.